Tayala Likakula, Kilatchi Nayonso Isinthe

Chiyambire m'chaka cha 1982, pamene kampani ya Suzuki ya ku Japan idatulutsa njinga yamoto ya matayala anayi yoyenda m'thengo, alimi ndi alenje a ku America ndi Canada akhala akuidalira podutsa m'madambo, m'chipale ndi m'nkhalango mopanda msewu. Ndipo ambiri mwa iwo, poona kuti mimba ya njingayo ikugunda zitsa ndi kutitimira m'thope, amachotsa matayala a mainchesi 25 amene idadza nawo, naikapo a mainchesi 28 kapena oposerapo. Koma akulu adati walira mvula walira matope, pakuti mwini wake asanakondwere mokwanira, amapeza kuti njinga yayamba ulesi ponyamuka, ikulira mobuula pachitunda, ndipo fungo la mphira wopserera likutuluka m'chivundikiro cha lamba.

Chifukwa chake n'chapafupi. Tayala la mainchesi 28 likazungulira kamodzi limapyola mtunda wa laling'ono lija ndi magawo 12 pa 100 alionse, motero mphamvu yokankhira pansi imachepa ndi magawo pafupifupi 11, kusawerengera kulemera kwa tayalalo ndi thope lokangamira m'mano ake. Wopalasa njinga ya kabaza amene adayesapo kunyamuka pachikweza ali pa giya yolemera, katundu ali pakaliyala, akudziwa m'maondo mwake chimene injiniyo ikumva.

Njinga zambiri zotere, monga za Polaris ndi Can-Am, zimasintha zokha liwiro mwa njira yotchedwa CVT, imene kampani ya DAF ya ku Netherlands idaionetsa m'galimoto yake yaing'ono m'chaka cha 1958. Muli mapule awiri olumikizidwa ndi lamba, ndipo pule iliyonse ili ndi mbale ziwiri zopendekeka zimene zimayandikana kapena kutalikirana. Injini ikamathamanga, tizitsulo tolemera ta m'pule yakutsogolo timaponyedwa kunja, nitikankha mbale kuti ifinye lamba ndi kumukweza m'mwamba, pamene sipuling'i ikulimbana nato. Kumbuyo nako sipuling'i ina, pamodzi ndi chitsulo chamizere yopendama chotchedwa helix, zimaletsa mbale kutseguka msanga, ndipo katundu akachuluka zimabweza lamba ku giya yopepuka. Zonsezi, zimene pamodzi zimatchedwa kilatchi, amisiri adaziyesa molingana ndi tayala la kufakitale; likasinthidwa, kilatchi imakwera giya nthawi isanakwane, lamba amaterereka, natentha, nasalala m'mbali ngakhale kuduka kumene.

Mankhwala ake ndiwo kuika tizitsulo topepukirapo, masipuling'i olimbirapo, ndipo nthawi zina helix yopendama mocheperapo, kuti injini iyambe yafika pa liwiro limene ili ndi nyonga zake zonse kilatchi isanakwere. Tisanyengedwe: zipangizozi siziwonjezera mphamvu ya injini ngakhale pang'ono, koma zimangoibwezera pamalo pake, ndipo kawirikawiri mtengo wake ndi mafuta ochulukirapo ndi phokoso. Posankha, munthu atchule kukula kwa tayala, katundu amene amanyamula, ndi kukwera kwa dera lake, pakuti injini imataya pafupifupi magawo 3 pa 100 a mphamvu yake pa mamita 300 alionse okwera, chifukwa mpweya umapepuka kumapiri.

Ntchitoyi itheka pakhomo, koma ifuna kudekha. Injini izizire, kiyi achotsedwe, chivundikiro chitsegulidwe, ndipo lamba asanatulutsidwe munthu aone kumene mivi kapena zilembo zake zaloza, kuti adzabwerere momwemo. Pule yakutsogolo pa njinga zambiri imakhala yothina pa shafiti, choncho imazulidwa ndi bawuti lake lapadera, osati ndi hamala. Sipuling'i yakumbuyo imapanidwa ndi chida chake isanamasulidwe, pakuti ikafwamphuka ikhoza kuthyola chala kapena kuboola diso. Mbale zilembedwe chizindikiro zisanalekanitsidwe, chifukwa zidayesedwa kulemera pamodzi, ndipo zikasemphana njinga idzanjenjemera. Nkhope za mbalezo zipukutidwe mpaka mphira wakuda wonse utachoka, dontho la oilo kapena girisi lisakhudzepo, ndipo mabawuti amangidwe ndi sipanala yoyeza kuthina monga mwa buku la njingayo. Safunsa adadya phula.

Pomaliza ayendetse pamalo oyera, akuyang'ana wotchi ya liwiro la injini, nasinthe chinthu chimodzi pa nthawi imodzi kuti adziwe chimene chathandiza. Komabe kilatchi siichiza zonse, pakuti tayala lalikulu limalemetsa ma ekiselo ndi mabering'i, limatalikitsa mtunda woimira mabuleki akagwidwa, limanamiza wotchi ya liwiro la njinga kuti isonyeze mochepa, ndiponso limakweza njinga kotero kuti imagubuduka msanga pamalo otsetsereka. Chifukwa chake wokwerayo aike giya yotsika m'thope ndi pokoka katundu, achepetse liwiro pokhota, ndipo chipewa cholimba chisachoke kumutu.