Kamera yatsopano siichotsa nguwi mu lenzi

Nyengo ya maukwati ikayandikira, ife ojambula zithunzi kuno kwa Nchilamwela timadwala matenda amodzi: kusirira kamera. Ukangotsegula Facebook, wamalonda wa ku Limbe kapena wobwera ndi katundu kuchokera ku Johannesburg akulengeza kuti iyi yokha ndiye mapeto, imaona ndi mumdima momwe. Basitu yako ija, imene yalipirira ana fizi zaka zisanu, yayamba kukunyansa.

Chimene otsatsa malonda sanena n'chakuti kamera yatsopano nayo imatha kutuluka m'fakitale ili ndi chilema. Mu 2012 kampani ya Nikon inatulutsa D600, anthu n'kuithamangira. Posakhalitsa eni ake anayamba kuona timadontho ta fumbi ndi mafuta pa zithunzi, makamaka akajambula thambo. Mu 2013 kampaniyo inatulutsa D610 ya shutter ina, ndipo mu 2014 inalonjeza kutsuka ndi kusintha shutter ya D600 mwaulere. Chaka chomwecho boma la China linailamula kuti isiye kugulitsa kamerayo m'dzikomo. Canon nayo mu 2020 inatchuka ndi R5 yojambula vidiyo ya 8K, koma inkatentha n'kuzima patangotha mphindi pafupifupi 20. Tangoganizani, ukwati wa kutchalitchi kuno abusa asanafike n'komwe pa malumbiro!

Anzathu akunjawo anali ndi kobweza. Ife timagula kamera yoti yadutsa m'manja atatu, yopanda risiti, ndipo wogulitsayo mawa foni yake siipezeka. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kugula yolakwika ndi kutaya ndalama ya feteleza wa banja lonse.

Choncho musanapereke ndalama, iyeseni. Jambulani khoma loyera kapena thambo pa f/16, kenaka mukulitse chithunzicho pa kompyuta. Ngati pali madontho aonekera. Funsani kuti shutter yawomba kangati, poti nayo ili ndi moyo wake ngati injini ya minibasi. Lenzi muiunike ndi tochi. Mukaona timizere tonga ukonde wa kangaude m'kati, imeneyo ndi nguwi, isiyeni.

Nguwiyi ndiye mdani weniweni kuno ku Thyolo. Chiperoni chikagwa mu Juni ndi Julayi, chinyontho chimalowa ndi m'chikwama momwe, ndipo sichisankha kuti iyi ndi yodula. Yanga ndimaisunga m'chibakete chotseka bwino, pamodzi ndi timapaketi ta silica gel timene timabwera m'mabokosi a nsapato.

Nanga mamegapikiselo aja? Chithunzi cha mainchesi 4 kwa 6, chimene agogo amaika mu alubamu, chimangofuna awiri ndi pang'ono. Zambiri zimathera pa WhatsApp, komwe zimafinyidwa. Ngakhale mafoni olembedwa 108 aja, ambiri amaphatikiza timadontho 9 kukhala kamodzi, n'kukupatsani chithunzi cha 12.

Ndikayang'ana zithunzi zimene makasitomala amadandaula nazo, vuto limakhala kuwala. M'tchalitchi mumakhala mdima. Akwati akafuna kujambulidwa m'munda wa tiyi dzuwa lili paliwombo, masamba amabweza kubiriwira kwawo pa diresi yoyera ndi pankhope, mkwatibwi n'kumaoneka ngati wadwala. Zimenezi zimatha ndi fulashi, kapena kungowapempha apongozi adikire mpaka cha m'ma 4 koloko, ngakhale kuti pamenepo pamakhala nkhondo ndi a pelekanipelekani.

Sindikuti kamera isamasinthidwe. Ikayamba kuzima pakati pa ntchito, kapena makasitomala akufuna vidiyo imene yanu siingathe, gulani ina, koma mtundu woti wakhala pamsika zaka ziwiri kapena zitatu, zilema zake zinadziwika kale. Ine chaka chino ndagula lenzi ya 50mm f/1.8, fulashi ndi batire lachiwiri. Kamera ndi yomwe ija.