Mpopi wodontha m'fakitale, zigubu pamjigo ku Chitungwiza

Munthu akaima pa Chitungwiza Town Centre m'mamawa amaona magulu awiri a anthu. Ena akuthamangira makombi opita kuntchito ku Harare, mtunda wa makilomita oposa 20. Ena akukankha mawilibala odzaza zigubu, kusaka mjigo umene mzere wake ndi waufupi. Tauniyi inakhazikitsidwa mu 1978 pophatikiza Seke, Zengeza ndi St Mary's, ndipo kalembera wa 2022 anapeza kuti muli anthu oposa 370,000. Pakati pawo pali zidzukulu za makolo amene anachoka ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzafuna ntchito. Koma tauni yonseyi ilibe damu lakelake. Madzi imagula ku khonsolo ya Harare, ndipo ambiri amachokera ku madamu a Seke ndi Harava pa mtsinje wa Manyame. Mu 2024 madamuwa anaphwa ndi chilala, malo oyeretsera madzi a Prince Edward n'kutsekedwa.

M'tauni yomweyi muli mafakitale amene sangayende popanda madzi. Kampani ya Delta inayamba kufulula Chibuku Super kuno mu 2013, Surface Wilmar imayenga mafuta ophikira, ndipo Dairibord nayo ili ndi fakitale yake. Anthu a kuno amadziwa kuwawa kwa fakitale yotsekedwa, pakuti akuluakulu sanaiwale m'mene Cone Textiles inagwera m'zaka za m'ma 1990, anthu zikwizikwi n'kuchotsedwa ntchito. Amadziwanso kuopsa kwa madzi oipa: kolera ya mu 2008, imene inapha anthu oposa 4,000 m'dziko lonse la Zimbabwe, inayambira ku Chitungwiza konkuno. Choncho palibe amene akufuna kusankha pakati pa ntchito ndi mtsinje. Funso lake n'lakuti, kodi fakitale ingasamale bwanji madzi, magetsi ndi nyansi zake tsiku ndi tsiku, osati pa tsiku lokhalo limene kukubwera alendo?

Yankho lina likuchokera ku njira imene Ajapani amaitcha kaizen, imene inatchuka ndi kampani ya Toyota. Mfundo yake ndi ija makolo ananena, yakuti pang'onopang'ono ndi mtolo. Ogwira ntchito pa makina amodzi amakumana mphindi zochepa asanayambe shifiti, natchula chimene chinavuta dzulo, kufufuza gwero lake, kuyesa njira ina, kenako n'kuonanso ngati zasintha. Amasaka chilichonse chongowononga: nthawi yodikira, katundu wopangidwa mopitirira muyezo, zinthu zolakwika zofunika kubwereza. Bungwe la JICA lafalitsa njirayi mu Africa muno. Dziko la Ethiopia linakhazikitsa bungwe lake la kaizen mu 2011, Zambia inatsatira, ndipo mu 2017 JICA ndi NEPAD anayambitsa ndondomeko ya Africa Kaizen Initiative.

Vuto n'lakuti m'makampani ambiri nkhani ya chilengedwe siilowa pa msonkhano wa m'mawawo. Imakhala mu ofesi ina, m'manja mwa munthu mmodzi amene amasunga mafayelo a ISO 14001 ndi kulemba lipoti la pachaka. Amene wagwira payipi yotsukira pansi sanaonepo bilu ya madzi. Amene walandira biluyo sanagwirepo payipi.

Kulumikiza ziwirizi sikufuna makina atsopano. Tayerekezani payipi yotulutsa malita 15 pa mphindi, yosiyidwa ikuthamanga theka la ola pa shifiti iliyonse pamene anthu akusuntha makreti. Amenewo ndi malita 450, ndipo pa mashifiti atatu ndi malita 1,350, kutanthauza zigubu za malita 20 zoposa 60 pa tsiku limodzi. Kachitsekero kodzitseka kokha ka kumapeto kwa payipi n'kotsika mtengo, koma palibe amene amakagula ngati palibe amene wawerenga. N'chifukwa chake chiyambi chake ndi mita: kuika mita ya madzi ndi ya magetsi pa chigawo chilichonse, kuwerenga poyamba ndi pomaliza shifiti, ndi kulemba pa bolodi lomwe lija pamene amalembapo kuchuluka kwa katundu wopangidwa. Chiwerengero chothandiza si madzi onse a pamwezi ayi, koma malita amene apita pa lita imodzi ya chakumwa, kapena mayuniti a magetsi pa tani imodzi ya mafuta. Chikakwera usiku wina, gulu limafunsa chifukwa chake m'mawa mwake, zinthu zisanaiwalike.

Mpweya wa kompuresa ndi chitsanzo china. Akatswiri amati m'fakitale yosasamalidwa bwino, magawo 20 mpaka 30 pa 100 alionse a mpweyawu amathera m'mabowo a mapayipi. Makina akamalira sumamveka. Koma Lamlungu, zonse zitazima, munthu akhoza kuyenda ndi choko n'kumalemba paliponse pamene pakumveka kuti fyii. M'dziko limene mu 2019 magetsi ankazima mpaka maola 18 pa tsiku chifukwa cha kuchepa kwa madzi ku Kariba, ndipo makampani ankadalira majenereta a dizilo, mpweya wothawawo ndi ndalama zenizeni.

Nayo nyansi imawerengeka. Bungwe la boma loona zachilengedwe la EMA limagawa zilolezo zotayira madzi oipa m'magulu anayi, buluu, girini, chikasu ndi chofiira, ndipo malipiro amakwera malinga ndi kuopsa kwa madziwo. Kupalira zotsalira za chimanga kapena mafuta ndi fosholo musanathire madzi kumachepetsa zimene zikulowa m'ngalande. Ngalandezo sizithera pa geti. Za ku Chitungwiza zimatsikira ku mtsinje wa Nyatsime, kulowa mu Manyame, mpaka ku Lake Chivero, kumene Harare imatunga madzi akumwa. Mu Disembala 2024 zipembere zinayi zinafa zitamwa madzi a m'nyanjayi, amene anali ndi ndere zapoizoni zokula chifukwa cha zonyansa.

Mfundozi si zachilendo ku Zimbabwe. Dzikoli linali m'gulu la maiko oyamba kukhala ndi likulu lophunzitsa kupanga katundu mosawononga chilengedwe, pansi pa UNIDO ndi UNEP, pakati pa zaka za m'ma 1990. Ife a m'mabungwe omwe si aboma tiyenera kuvomereza mbali yathu: tachititsa maphunziro ambiri m'mahotela, mamanijala n'kulandira masatifiketi, koma wotsuka mathanki sitinamuitane. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi chikhulupiriro. Wogwira ntchito ya kontrakiti ya miyezi itatu sangaulule kuti vavu ikudontha ngati akuopa kuti mlandu ugwera iye, ndipo sangapereke nzeru yofupikitsa ntchito ngati akuganiza kuti mnzake achotsedwa nayo. Kumene zimayenda, kapitawo amayankha ganizo lililonse pasanathe sabata, ngakhale yankho lake likhale lokana, ndipo gulu limaonako gawo la ndalama zimene zapulumutsidwa.

Tisanamizanenso. Bolodi la m'fakitale silingakonze malo oyeretsera zonyansa a ku Zengeza, amene anakulitsidwa ndi thandizo la Japan cha m'ma 2000 koma pambuyo pake anakhala zaka zambiri osagwira bwino ntchito. Silingamangenso damu la Muda, limene anthu a kuno akhala akulonjezedwa kwa nthawi yaitali. Zimenezo ndi za khonsolo ndi boma. Koma fakitale imene yakumba mjigo wake imatunga pansi pomwepo pamene pamatunga mijigo ya m'malokeshoni, ndipo ena mwa amene amagwira payipi masana ndi omwewo amene amakaima pamzere ndi zigubu akaweruka.