Tayala la kaunjika kapena latsopano? Werengani izi musanatulutse ndalama

Mvula ikamayandikira mu Lilongwe muno, aliyense wokhala ndi kagalimoto amayamba kusuzumira pansi. Anzanga ambiri, makamaka amene angogula kumene ka Vitz, Passo, Demio kapena Sienta, funso lawo ndi limodzi: "Aise, tayala lotchipa koma labwino ndilipeza kuti?" Ine ndimawayankha kuti malo ogula ndi ambiri, kuyambira m'mashopu a ku Old Town kuno mpaka kwa anyamata a ku Malangalanga. Chovuta ndi kudziwa chimene ukulipira. Pa tayala umalipira zinthu ziwiri: mphira yomwe yatsala ndi zaka zomwe zatsala. Kunyezimira kwa polishi kuja n'kwa maso chabe.

Kudula kwake sitikukana. Mitengo ya mphira timalima ndithu ku Vizara, ku Nkhata Bay, koma matayala a galimoto onse timaitanitsa kunja, ku South Africa, China, Japan ndi kwina, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya matayala inakwera nayo. N'chifukwa chake kaunjika wa matayala wafika ponseponse. Tiyeni tione mmene mungasankhire osaluza.

Yambani ndi manambala a m'mbali

Tayala lililonse lili ndi zolemba m'mbali mwake, mwachitsanzo 175/65 R14 82S. Nambala ya 175 ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita. Ya 65 ikunena kutalika kwa khoma la m'mbali, kuti ndi 65 peresenti ya kutambalala kuja. R14 ndiye kuti limalowa pa rimu ya mainchesi 14. Zitatuzi anthu ambiri amazidziwa.

Zomwe ambiri sayang'ana ndi ziwiri zomalizazo. Nambala ya 82 ikutanthauza kuti tayala limodzi linganyamule makilogalamu 475. Ikakhala 88 ndi 560, ikakhala 91 ndi 615. Chilembo cha S ndi liwiro limene tayalalo lingapirire, makilomita 180 pa ola. T ndi 190, H ndi 210. Palibe amene akukuuzani kuti muzithamanga chonchi, koma chilembocho chikusonyeza mmene tayalalo limapiririra kutentha. Ngati Sienta yanu imadzaza anthu ndi matumba a chimanga pochoka ku Mchinji, musatenge nambala yotsika kuposa imene opanga galimoto analemba.

Analemba pati? Tsekulani chitseko cha dalaivala, pachipilala pali kapepala komata kosonyeza saizi ya tayala ndi mpweya woyenera. Khulupirirani kapepalako, osati tayala limene lilipo panopa, chifukwa mwina amene anakugulitsani galimoto anangoikapo limene analipeza.

Kwa a masitayelo: marimu akuluakulu a 17 okhala ndi tayala lopyapyala amakongola pa chithunzi cha pa Instagram, koma khoma lalifupi silikhululuka. Dzenje limodzi la m'timisewu ta m'kati mwa Area 3 kapena popita ku Likuni, tayala latupa, rimu yapindika. Pamisewu yathu khoma lalitali ndi bwenzi.

Tayala lili ndi tsiku lobadwa

Fufuzani m'mbali momwemo manambala anayi okhala m'kabwalo kotalika ngati dzira, nthawi zambiri kumapeto kwa mzere woyamba ndi zilembo za DOT. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Mukaona 3521, tayalalo linapangidwa sabata ya 35 m'chaka cha 2021. Matayala ena manambalawa amakhala mbali imodzi yokha, ndiye litembenuzeni. Mukapeza manambala atatu okha, limenelo ndi la chaka cha 2000 chisanafike, lisiyeni pomwepo.

Mphira imakalamba ngakhale galimoto ili chiimire. Imauma, imachita timing'alu, imasiya kugwira msewu. Kampani ya Michelin imalangiza kuti tayala likakwana zaka zisanu lizionedwa ndi katswiri chaka chilichonse, ndipo likafika zaka khumi lichotsedwe ngakhale likuoneka labwino. Ganizirani dzuwa lathu la mu October, kuphatikiza kuti matayala ambiri a kaunjika amaunjikidwa panja tsiku lonse. Ineyo tayala la kaunjika lopitirira zaka zisanu sindilitenga. Latsopanonso muziliyang'ana, chifukwa lina limakhala litagona m'shopu zaka zitatu.

Tiyeni tichite masamu

Apa ndiye pagona nkhani. Tayala latsopano la galimoto yaing'ono limabwera ndi mizere yakuya pafupifupi mamilimita 8. M'kati mwa mizereyo muli timabampu ting'onoting'ono totalika mamilimita 1.6, mphira ikadyeka n'kufanana ndi timabamputo, tayala latha. Ndiye kuti mphira imene mungagwiritse ntchito pa latsopano ndi mamilimita 6.4.

Tsono tiyerekeze, ndi manambala ongochitira masamu, kuti latsopano ndi K100,000, ndipo mnyamata wa kaunjika akukupatsani lake pa K50,000, lomwe mizere yake yatsala mamilimita 4. Zikumveka ngati mwapulumutsa theka. Koma chotsani 1.6 uja: zatsala 2.4 basi. Pa latsopano milimita iliyonse mukuigula pa K15,625. Pa la kaunjika mukuigula pafupifupi K20,800. Lotchipa lija ndiye lodula. Kuti zifanane, tayala limenelo simuyenera kulipira kupitirira K37,500, ndipo apo sitinawerengere zaka zomwe lakalamba kale komanso ndalama yomangitsira kawiri kapena katatu m'malo mwa kamodzi.

Ikanimo mitengo ya lero imene akuuzani, masamu ake ndi omwewo. Poyeza simufunika chida chodula: lowetsani kamtengo ka machesi m'mzere, gwirani ndi chikhadabo pamene pathera, yezani pa rula ya mwana wasukulu. Yezani malo atatu, m'mphepete monse muwiri ndi pakati, ndipo muwerengere posaya kwambiri. Tayala la kaunjika la zaka ziwiri kapena zitatu, lotsala mamilimita 6, pa theka la mtengo, limenelo ndi dilu. Alipo otere, koma amafuna wodekha. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Msampha wa matayala a chipale

Galimoto zathu zambiri zimachokera ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam, ndipo matayala ambiri a kaunjika amachokeranso kumayiko ozizira. Kumeneko anthu amakhala ndi matayala apadera oyendera pa chipale chofewa. Muwazindikira ndi mawu akuti STUDLESS, kachizindikiro ka phiri la nsonga zitatu, kapena mayina monga Blizzak, iceGUARD ndi Winter Maxx. Pamwamba pake pamakhala timizere tambirimbiri tokhotakhota.

Amakopa chifukwa mizere yake ndi yakuya ndipo dzina lake ndi la kampani yotchuka. Wogulitsa akuuzani kuti, "Bwana, iyi ndi Bridgestone yeniyeni, onani mano akewa." Sakunama, ndi yeniyenidi. Koma mphira yake ndi yofewa, anaipangira kuzizira koopsa. Pa phula lotentha la msewu wa ku Salima imadyeka msanga, galimoto imayenda ngati ikusambira pokhota, ndipo mukaponda buleki imakaima patali. Ngati galimoto yanu inabwera nawo kuchokera ku Japan, ikani m'bajeti kuti muwasinthe.

Gwirani ndi manja

Musagule tayala la kaunjika lili pa rimu kapena lili pamulu. Litulutseni, liyang'aneni m'kati pa dzuwa. Chigamba chimodzi cha pakati, pamene pamaponda msewu, chomatidwa bwino, si vuto. Chigamba cha m'mbali ndi vuto, chifukwa khoma limapindika nthawi zonse galimoto ikamayenda ndipo silimatika. Chotupa chilichonse ndiye kuti ulusi wa m'kati unaduka, tsiku lina lidzaphulika. Onaninso mkombero umene umagwira rimu ngati sunang'ambike, ndipo pindani khoma pang'ono muone ngati sipakutuluka timing'alu.

Chenjeraninso ndi matayala osemedwanso. Ena amatenga tayala lakutha n'kukumba mizere ndi mpeni wotentha kuti lioneke ngati lili ndi moyo. Mizere yake imakhala yosalingana, timabampu tija sitioneka, nthawi zina waya amasuzumira pansi. Zosemanso zimaloledwa pa matayala ena a malole okhala ndi mawu akuti REGROOVABLE, osati pa galimoto yaing'ono.

Nanga latsopano, dzina liti?

Ndimawagawa patatu. Pamwamba pali Michelin, Bridgestone, Continental, Goodyear, Dunlop ndi Yokohama. Pakati pali monga Hankook ndi Kumho a ku South Korea ndi Maxxis ya ku Taiwan. Otsika mtengo ambiri ndi a ku China, monga Linglong, Triangle ndi Sailun. Kwa munthu woyenda m'tauni, kuchoka ku Area 3 kupita ku City Centre ndi kubwerera, latsopano la mtengo wotsika la kampani yodziwika limaposa dzina lalikulu la zaka zisanu ndi zitatu. Ngati mumakhalira pa M1, Blantyre lero Mzuzu mawa, onjezani ndalama mukwere gulu.

Pali zokuthandizani kufananiza. Matayala ambiri ali ndi mawu akuti TRACTION, otsatana ndi AA, A, B kapena C, kusonyeza kugwira kwake pa msewu wonyowa, ndi TEMPERATURE, A, B kapena C, kupirira kutentha. Kuno fufuzani A. Pali nambalanso ya TREADWEAR: ikakwera ndiye kuti limachedwa kudyeka, ngakhale imathandiza kwambiri pofananiza matayala a kampani imodzi. Ndipo tengani lisiti. Safunsa anadya phula, funsani ngati angakusinthireni likatupa lokha sabata yoyamba.

Ndalama ikakwana awiri okha

Gulani awiri ofanana, dzina limodzi, saizi imodzi, muike mbali zonse za kutsogolo kapena za kumbuyo. Ambiri amathamangira kutsogolo, koma opanga matayala amalangiza kuti atsopano apite kumbuyo. Kutsogolo kukaterereka mumamva pa chiwongolero n'kuchepetsa liwiro. Kumbuyo kukaterereka galimoto imazungulira musanadziwe n'komwe.

Pomangitsa, sinthani mavalavu, achite balansi, ndipo pimitsani alaimenti. Galimoto yokhota miyendo imadya tayala latsopano mbali imodzi m'miyezi yochepa. Mpweya muziyeza kamodzi pamwezi, m'mawa matayala asanatenthe, motsatira kapepala ka pachitseko kaja. Kakalemba 230 kPa ndiye 2.3 pa geji ya pa filing'i. Tayala lopanda mpweya wokwanira limatentha, limadyeka m'mphepete, limamwetsanso mafuta, amene masiku ano sitingawaseweretse. Kasipeya kopyapyala kaja n'kongokufikitsani kwa okonza, osapitirira makilomita 80 pa ola.

Ambirife timakumbuka matayala tikaona apolisi apamsewu kapena COF ikatsala pang'ono kutha. Koma galimoto yonse imagunda pansi pa malo anayi okha, aliwonse aakulu ngati chikhatho chanu. Mizere ija ntchito yake ndi kutaya madzi kuti mphira igwire phula. Mvula ya mu January ikakhuthuka, inu mukutsetsereka kulowera pa Crossroads, wakabaza n'kudula kutsogolo kwanu, zikhatho zinayi zimenezo ndi zomwe ziimitse galimoto. Mawa m'mawa musanalize injini, gwadani muwerenge manambala anayi aja pa tayala lililonse, ndi sipeya yomwe.