Nkhosa Zodziwa Phiri Lake: Ulimi wa Herdwick ku Lake District

Mlendo wofika ku mapiri a Lake District, kumpoto chakumadzulo kwa England, amadabwa kuona nkhosa zikudya msipu pamtunda popanda mpanda kapena munthu wozilondera, chikhalirecho nkhosa za famu imodzi sizisokerera kudera la anzawo. Zimenezi zimatheka chifukwa cha chizolowezi chimene alimi akumeneko amachitcha heft, kutanthauza kuti nkhosa yaikazi imadziwa chigawo cha phiri chimene inakulira, ndipo ikabereka imayenda ndi mwana wake m'chigawo chomwecho mpaka nayenso atadziwa pamene pali madzi, pamene msipu umayambira kuphuka, ndi thanthwe lobisalako chipale chofewa chikamagwa.

Mtundu umene umadziwika kwambiri ndi khalidweli ndi wa Herdwick, nkhosa zolimba zimene zimabadwa zakuda, ubweya wake n'kumayererako zikamakula mpaka kukhala wotuwa, nkhope n'kuyera mbee. Popeza nzeru yodziwa phiri ili m'mitu ya nkhosazo, mwambo wakumeneko ndi wakuti mlimi wobwereka famu akamachoka amasiya chiwerengero cha nkhosa chimene anachipeza, kuti wobwera pambuyo pake alandire ziweto zodziwa kale malowo. Umwini umadziwika ndi zizindikiro ziwiri, utoto wopakidwa pa ubweya ndi kadulidwe ka khutu, ndipo zizindikiro za famu iliyonse zimalembedwa m'buku lotchedwa Shepherds' Guide, limene linasindikizidwa koyamba mu 1817. Nthawi yometa ubweya ikakwana, alimi oyandikana amakwera phiri limodzi ndi agalu awo n'kutsitsa nkhosa zonse pamodzi, kenako aliyense n'kupatula zake m'khola.

Kusalimba kwa dongosololi kunaonekera mu 2001, pamene matenda a chigodola anabuka ku Britain ndipo boma linalamula kuti ziweto zoposa 6 miliyoni ziphedwe. Dera la Cumbria, mmene muli mapiriwa, ndilo linavutika koposa. Mlimi amene nkhosa zake zinaphedwa ankatha kugula zina ndi ndalama za chipukuta misozi, koma nkhosa zogula sizidziwa phiri, ndipo kuziphunzitsa kumafuna zaka zingapo za kuziweta tsiku ndi tsiku kapena kumanga mipanda yodula pamalo amene kale panalibe mpanda.

Ulimiwu wakhala ndi ouchinjiriza. Beatrix Potter, mlembi wa mabuku a ana amenenso anali mlimi wa Herdwick, atamwalira mu 1943 anasiyira bungwe la National Trust maekala oposa 4,000 pamodzi ndi mafamu ake, ndipo mu 2017 bungwe la UNESCO linaika Lake District pamndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse, mwa zina chifukwa cha ulimi umenewu. Komabe ulemu sudyetsa banja. Ubweya wa Herdwick ndi wokhakhala, woyenera makapeti kuposa zovala, ndipo kawirikawiri mtengo wake sufika pa ndalama yolipira wometa, pamene thandizo la boma lolipidwa potengera kukula kwa malo lakhala likuchepetsedwa chichokereni Britain mu European Union.

Akatswiri a zachilengedwe nawo ali ndi mfundo yosayenera kuinyalanyaza. Nkhosa zikachuluka zimadya timitengo tisanakule, phiri n'kukhala lopanda chotchinga madzi, ndipo mkangano wa pankhaniyi unakula pambuyo pa namondwe wa Desmond mu Disembala 2015, pamene mvula yokwana mamilimita 341 inagwa pa Honister Pass m'maola 24 ndipo madzi anasefukira m'matauni a Keswick, Kendal ndi Carlisle. N'zoona kuti m'zaka zimene boma linkalipira mlimi potengera kuchuluka kwa ziweto, nkhosa zinachuluka kuposa mmene mapiri akanathera kuzidyetsa. Chimene ambiri sachiona n'chakuti malire a chigawo chilichonse amasungidwa ndi kupezeka kwa nkhosa za mafamu oyandikana, kotero kuti gulu limodzi likachotsedwa lonse, zotsalazo zimamwazikira m'malo osiyidwawo ndipo ntchito yozisonkhanitsa imawakulira alimi ochepa amene atsala. Kuchepetsa nkhosa pang'onopang'ono m'magulu onse, mogwirizana ndi alimi odyetsa paphiri limodzi, kumapatsa mitengo mpata wophuka popanda kufafaniza chizolowezi cha heft, pamene kuchotsa gulu lathunthu la famu imodzi kumasokoneza phiri lonse.