Mlendo wa m'thanki akadza ndi matenda

Nkhani yake imayamba mokoma. Bambo atsika minibasi madzulo atanyamula jumbo ya madzi, m'katimo muli nsomba ziwiri zopyapyala ngati tsamba, zokhala ndi zipsepse zazitali zolendewera. Ana aunjikana, mayi asiya mphika pamoto kudzaona, ndipo posakhalitsa alendowo akhuthuliridwa m'thanki ya galasi momwe muli kale nsomba zina.

Pakutha pa masiku atatu chimwemwe chija chasanduka nkhawa. Nsomba imodzi yaima pakona itapinda zipsepse, chakudya sikuchiyang'ana n'komwe. Inzake ikupuma mwawefuwefu pamwamba pa madzi. Sabata isanathe, ngakhale nsomba zakale zomwe zakhala m'nyumbamo chaka chathunthu zayamba kudzikhula ku miyala.

Apa ndi pomwe oweta ambiri amalakwitsa. Chifukwa cha mantha otaya ndalama komanso misozi ya ana, amathamangira kuthira mankhwala aliwonse omwe apeza asanadziwe chomwe chavuta. Chonsecho matenda a nsombazi amafanana zizindikiro, ndipo chithandizo cha nthenda ina chimatha kukulitsa inzake.

Mbale wa chambo wochokera kutali

Nsomba imeneyi, yomwe m'masitolo amaitchula kuti angelfish ndipo dzina lake la sayansi ndi Pterophyllum scalare, kwawo ndi ku South America, m'mitsinje ya m'chigwa cha Amazon m'mayiko monga Brazil, Peru ndi Colombia. Akatswiri adailemba koyamba m'mabuku a sayansi m'chaka cha 1823. Ikakula imafika masentimita 15 m'litali, koma kuchokera kunsonga ya chipsepse cha pamsana kufika kunsonga ya cha kumimba imatha kukwana masentimita 20. Ikasamalidwa bwino imakhala zaka pafupifupi 10.

Chodabwitsa n'chakuti nsombayi ndi ya banja limodzi ndi chambo, utaka ndi mbuna za m'nyanja ya Malawi, banja lotchedwa cichlid. Koma ubale sutanthauza kufanana khalidwe. Mbuna zidazolowera madzi a michere yambiri komanso n'zandewu, pomwe angelfish imafuna madzi ofunda, oyenda pang'onopang'ono, a madigiri pakati pa 24 ndi 30. Kuziika m'thanki imodzi n'kuitana mavuto.

Madzi kaye

Nsomba yatsopano ikaoneka yofooka, woyamba kumukayikira ndi madzi. Chimbudzi cha nsomba ndi chakudya chotsalira zimatulutsa poizoni wotchedwa ammonia. M'thanki yokhazikika mumakhala mabakiteriya abwino, makamaka m'sefa, omwe amasandutsa ammonia kukhala nitrite, kenaka nitrate yemwe saopsa kwenikweni. Kuti mabakiteriyawa achulukane m'thanki yatsopano pamatenga masabata 4 mpaka 6. Ngakhale m'thanki yakale, kuwonjezera nsomba zingapo nthawi imodzi kumachulutsa zinyalala kuposa zomwe mabakiteriyawo angakwanitse.

Chizindikiro chachikulu cha vuto la madzi n'chakuti nsomba zonse, zatsopano ndi zakale zomwe, zimadwala pamodzi mwadzidzidzi. Zimasonkhana pamwamba n'kumayasamula. Makha, zomwe ndi ziwalo zopumira za m'mbali mwa mutu, amafiira kwambiri akapsa ndi ammonia, ndipo amasanduka oderako ngati khofi nitrite akachuluka chifukwa magazi amalephera kunyamula mpweya. Madzi otere amatha kuoneka oyera mbee, choncho maso okha sangathandize. Timabotolo kapena timapepala toyezera madzi timagulitsidwa m'masitolo a ziweto, ndipo ammonia ndi nitrite ayenera kusonyeza 0.

Chithandizo chake si mankhwala ayi. Woweta achotse gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi, athiremo ena ofunda mofanana ndi akalewo, ndipo asiye kudyetsa kwa tsiku limodzi kapena awiri. Madzi a pampopi amakhala ndi klorini yemwe amawotcha makha ndi kupha mabakiteriya abwino aja, choncho ayenera kuthiridwa kaye madontho ochotsa klorini. Pa chifukwa chomwecho, siponji ya m'sefa imatsukidwa m'madzi ochokera m'thanki momwemo, osati pampopi.

Magetsi nawo ali ndi mbali yawo. Akazima usiku wonse m'nyengo yozizira ya June ndi July, makamaka m'maboma okwera ngati Dedza ndi Mzimba, chotenthetsera madzi chimaleka kugwira ntchito ndipo madzi amazizira kuposa momwe nsombayi ingapiririre. Nsomba yozizidwa imafooka n'kugwidwa matenda mosavuta. Kufunditsa thanki bulangete magetsi akazima kumathandiza kusunga kutentha.

Kutopa kapena nkhanza za eni malo

Ngati madzi ali bwino ndipo yodwala ndi yatsopano yokha, mwina vuto ndi ulendo. Nsomba yomwe yakhala maola ambiri m'jumbo imabisala, imakana chakudya, ndipo mizere yakuda ya m'thupi mwake imazilala. Zimenezi zimatha zokha pakapita masiku awiri kapena atatu, bola nyali ya pathanki ikhale yozimitsa ndipo ana asamagogode galasi.

Angelfish imatetezanso malo ake. Zikuluzikulu zomwe zidakhazikika kale zimatha kuthamangitsa mlendo mpaka kumupanikizira kuseri kwa sefa. Kuti woweta adziwe zoona zake, akhale phee chapatali kwa mphindi 15, makamaka nthawi yodya. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chipsepse cholumidwa chimang'ambika bwinobwino ngati nsalu ndipo chimamera chokha m'madzi aukhondo. Chipsepse chowola ndi matenda chimanyenyeka m'mphepete, chimatuwa kapena kufiira, ndipo chimafupika tsiku ndi tsiku.

Zomwe khungu limaulula

Nthenda yofala kwambiri pa nsomba zongogulidwa kumene ndi ya timadontho toyera, yomwe oweta amaitchula kuti ich. Nsomba imaoneka ngati yawazidwa mchere pa zipsepse ndi pathupi, ndipo imadzikhula ku miyala chifukwa cha kuyabwa. Kachilombo kake kamabisala pansi pa khungu momwe mankhwala safika. Kakakhuta kamagwera pansi pa thanki n'kuswa ana mazanamazana omwe amasambira kufunafuna nsomba ina. Ndi nthawi yokhayi yomwe mankhwala amatha kuwapha.

N'chifukwa chake timadontho tikazimiririka sizitanthauza kuti nthenda yatha. Ambiri amalekera pomwepa, ndipo pakapita sabata nthendayo imabwerera mwamphamvu. Chithandizo chiyenera kupitirira masiku 10 mpaka 14. Kukweza kutentha kwa madzi pang'onopang'ono kufika madigiri 29 kapena 30 kumafulumizitsa moyo wa kachilomboka kuti katuluke msanga poyera, koma pampu ya mpweya iyenera kugwira ntchito nthawi zonse popeza madzi ofunda amasunga mpweya wochepa.

Msampha uli apa: pali nthenda ina yoyera yotchedwa columnaris, yomwe imayamba ndi mabakiteriya. Iyo siioneka ngati timadontho tosiyanasiyana koma ngati thonje lomata pakamwa, kapena chigamba chotuwa pamsana. Mabakiteriya ake amaswana msanga m'madzi otentha ndipo amatha kupha nsomba m'masiku awiri okha. Woweta yemwe waisokoneza ndi ich n'kukweza kutentha kwa madzi ndiye kuti wathira palafini pamoto. Pa nthenda imeneyi madzi amatsitsidwa kufika madigiri 24 kapena 25, ndipo yodwalayo imapatulidwa mwamsanga.

Nthenda yachitatu, velvet, imavuta kuiona masana. Woweta azimitse nyali zonse usiku n'kuwalitsa tochi m'mbali mwa nsomba. Ngati khungu likunyezimira ngati lawazidwa fumbi la golide, ndiye imeneyo. Koma nsomba ikamapuma mofulumira, kudzikhula, mwinanso kupumira mbali imodzi yokha, pomwe khungu lili losalala ndipo madzi ali bwino, kawirikawiri vuto limakhala tinyongolotsi tosaoneka ndi maso tomwe takakamira m'makha.

Za m'mimba sizifulumira

Matenda ena amatenga masabata asanaonekere. Nsomba imatola chakudya n'kulavula, mimba imaphwa, ndipo imakoka chimbudzi choyera chonga ulusi. Angelfish imavutika kawirikawiri ndi tizilombo ta m'matumbo totchedwa Spironucleus komanso njoka zazing'ono za m'mimba. Mtundu wina wa njokazi, Camallanus, umadziulula wokha: tiulusi tofiira timasuzumira kotulukira chimbudzi nsomba ikaima malo amodzi. Komabe chimbudzi choyera cha tsiku limodzi pa nsomba yomwe sidadye si umboni wa matenda.

Mayina a mankhwala ena a nsomba si achilendo m'makomo. Praziquantel, yemwe amachiza likodzo, ndi yemwenso amapha tinyongolotsi ta m'makha, ndipo metronidazole amagwiritsidwa ntchito pa Spironucleus. Koma izi sizikupereka chilolezo chophwanyira mapiritsi a kuchipatala m'thanki. Muyezo wa nsomba umawerengedwa potengera malita a madzi, ndipo mankhwala olakwika amatha kupha mabakiteriya a m'sefa n'kubweretsa vuto la ammonia pamwamba pa matenda. Malangizo afunsidwe kwa madokotala a ziweto kapena alangizi a za nsomba. Mankhwala a ich okhala ndi malachite green ndi oletsedwa m'mayiko ambiri pa nsomba zodya, choncho asayandikire dziwe la chambo kapena makumba.

Thanzi la woweta nalonso n'lofunika. Nsomba yowonda kwa nthawi yaitali, yopindika msana kapena ya zilonda imatha kukhala ndi mabakiteriya a Mycobacterium marinum, omwe amalowa mwa munthu kudzera pa bala n'kuyambitsa zotupa zosapola msanga padzanja. Aliyense yemwe ali ndi bala asaviike dzanja m'thanki, ndipo ana azisamba m'manja ndi sopo akagwira madziwo.

Chipinda cha alendo

Mavuto ambiri mwa amenewa amapeweka ndi njira imodzi: nsomba yatsopano ikhale payokha kwa masabata 4 isanasakanizidwe ndi zinzake. Sipafunika thanki yodula. Chidebe chachikulu cha pulasitiki chomwe sichidakhalemo sopo, chokhala ndi chotenthetsera, pampu ya mpweya ndi siponji yochokera m'sefa ya thanki yakale, n'chokwanira. Kaukonde ndi ndowa ya m'chidebemo zisagwiritsidwe ntchito kwina.

Pofika nayo kunyumba, jumbo iyandamitsidwe pamadzi kwa mphindi 15 mpaka 20 kuti kutentha kufanane, kenaka nsomba ichotsedwe ndi kaukonde. Madzi a m'jumbo atayidwe kunja, asalowe m'chidebe. Ngakhale pogula pomwe, wogula ayang'ane thanki yonse ya m'sitolo. Ngati muli nsomba yakufa kapena ya timadontho, yokongola yomwe ikusambira pambali pake ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nsomba yodwala kapena yakufa isatayidwe mumtsinje, m'dambo kapena m'ngalande, koma ikwiriridwe. A Malawi adaona kuopsa kwa matenda a nsomba m'chaka cha 2020 pomwe nthenda ya zilonda yotchedwa EUS idabuka m'boma la Mchinji, mpaka boma lidaletsa kwa kanthawi kupha ndi kugulitsa nsomba m'madera okhudzidwa. Nthenda ikalowa m'madzi oyenda palibe angaitsekere m'chidebe.

Phunziro lomweli likukhudzanso mlimi yemwe wagula mbewu ya nsomba kuti awonjezere m'dziwe lake. Mlendo amalandiridwa ndi manja awiri, koma m'thanki ndi m'dziwe momwe, ayambe wagona kuchipinda cha alendo mpaka mwini nyumba atatsimikiza kuti sadabwere ndi matenda.