Kanthu kakang'ono kamene kamaongolera kakulidwe ka ubongo wa mwana

CHIPANGALI — Pa ana 1,000 alionse obadwa pa dziko lapansi, pafupifupi mmodzi amabadwa ndi cilema cotchedwa Down syndrome, malinga ndi bungwe la United Nations. Ana otere amabadwa mu mtundu uliwonse wa anthu, kwa olemera ndi kwa osauka, ndipo m'midzi ya m'boma la Chipangali, kumpoto kwa mzinda wa Chipata, nawonso alimo.

Mwana wotere amakhala wofewa thupi akali khanda. Amacedwa kukhala tsonga, kukwawa, kuyenda ndi kulankhula. Kawirikawiri maso ake amapendekera m'mwamba, ndipo lilime limakonda kutulukira kunja.

Kumudzi, nkhani imeneyi imasanduka mlandu. Mai amanenedwa kuti sanasunge mwambo ali ndi pakati. Bambo amaganiziridwa kuti anakhwimira mwana kuti fodya kapena thonje lizimuyendera bwino, pamene agogo amalozedwa cala kuti ndi mfiti. Mabanja ena amatha, ndipo mwana amabisidwa m'nyumba osapita naye kusikelo kapena kusukulu.

Koma asayansi anapeza kale gwero la cilemaci, ndipo mbali ina ya nkhaniyi ikukhudza kanthu kakang'ono ka m'thupi kotchedwa kinase.

Kinase n'ciani?

Thupi la munthu linamangidwa ndi tizigawo tosaoneka ndi maso totchedwa maselo. M'kati mwa selo iliyonse muli mapuloteni amitundumitundu amene amagwira nchito zonse za moyo. Mapuloteni amenewa sagwira nchito nthawi zonse. Pamafunika cinthu cowadzutsa ikakwana nthawi, ndi cowaletsa nchito ikatha.

Kinase ndi mtundu wa enzyme, kutanthauza puloteni yofulumizitsa nchito za m'thupi. Nchito yake ndi kutenga kacidutswa ka phosphate n'kukamata pa puloteni ina. Ikamatidwa tero, puloteniyo imasintha maonekedwe, ndipo imayamba nchito kapena kuileka, monga momwe swici imayatsira ndi kuzimitsa magetsi. Enzyme ina imadzacotsa kacidutswako, zinthu n'kubwerera mwakale.

Amene anatulukira njira imeneyi ndi Edmond Fischer ndi Edwin Krebs, pa University of Washington mu mzinda wa Seattle ku America, m'zaka za m'ma 1950. Iwo anali kufufuza momwe minofu imapezera mphamvu, ndipo mu 1992 analandira mphotho ya Nobel. Mu 2002 ofufuza anawerenga mitundu 518 ya kinase m'thupi la munthu.

Umodzi mwa mitundu imeneyi umatchedwa DYRK1A, ndipo ndiwo uli pakati pa nkhani ya Down syndrome.

Phunziro locokera ku nchenche

Mu 1995, ofufuza a ku Germany anafalitsa zimene anapeza pa tinchenche ting'onoting'ono timene timaunjikana pa zipatso zakupsa. Tina mwa ito tinali ndi ubongo waung'ono kwambiri. Atafufuza, anapeza kuti kinase imodzi sinali kugwira bwino nchito. Pambuyo pake zinadziwika kuti munthu nayenso ali ndi kinase yofanana nayo, imene ndi DYRK1A.

Ubongo wa munthu wamkulu uli ndi maselo a minyewa pafupifupi 86 biliyoni, ndipo oculuka a iwo amapangika mwana akali m'mimba. Poyamba pamakhala maselo ocepa amene amagawikana mobwerezabwereza kuti aculuke. Ikafika nthawi yake, selo imaleka kugawikana, n'kusanduka selo ya ubongo yeniyeni, n'kuyamba kutulutsa nthambi zolumikizana ndi zinzake. DYRK1A ndi imodzi mwa zinthu zimene zimauza selo kuti nthawi yoleka kugawikana yakwana.

Nchito imeneyi imafuna muyeso. Mlimi wa ku Chipangali amadziwa kuti feteleza akacepa cimanga cimapinimbira, ndipo akapyola muyeso cimapserera. N'cimodzimodzinso ndi kinase imeneyi.

Malangizo a kapangidwe ka thupi amasungidwa m'timitolo totchedwa ma chromosome. Munthu amakhala ndi timitolo 46, ndiye kuti 23 tocokera kwa mai ndi 23 tocokera kwa bambo, ndipo timakhala tiwiritiwiri. Malangizo opangira DYRK1A ali pa kamtolo ka nambala 21.

Mwana wa Down syndrome amakhala ndi timitolo ta nambala 21 titatu m'malo mwa tiwiri, motero tonse pamodzi timakwana 47. Izi zinadziwika mu 1959 ku Paris kudzera mu nchito ya Marthe Gautier, Jérôme Lejeune ndi Raymond Turpin, patapita zaka 93 kucokera pamene dokotala wa ku England, John Langdon Down, analongosola cilemaci mu 1866. Cifukwa ca kamtolo koonjezerako, thupi limapanga DYRK1A yopyola muyeso ndi theka. Maselo ambiri amaleka kugawikana nthawi isanakwane, ndipo ubongo umatsala ndi maselo ocepa. Pa kamtolo kameneka palinso malangizo ena oposa 200, koma ofufuza amaona DYRK1A kukhala imodzi mwa zikuluzikulu zimene zimacedwetsa nzeru za mwana.

Kucepa kwake nakonso kuli ndi vuto. Pali ana ocepa amene amabadwa ndi malangizo a DYRK1A a mbali imodzi yokha ogwira nchito. Ana otere amakhala ndi mutu waung'ono, amavutika kuyamwa ndi kulankhula, ndipo ambiri amadwala khunyu.

Kamtolo koonjezera kamabwera mwangozi pamene dzira la mai kapena mbeu ya bambo ikupangika, mimba isanaime n'komwe. Palibe cakudya, nchito kapena mwambo umene kholo linaphonya umene ungacititse zimenezi. Zaka za mai zimaonjezera mpata wake: kwa mai wa zaka 20 ndi mwana mmodzi pa ana pafupifupi 1,500, pamene kwa mai wa zaka 40 ndi mmodzi pa 100. Ngakhale n'tero, ana ambiri otere amabadwa kwa amai a zaka zosakwana 35, popeza ndiwo amabereka kwambiri.

Ukalamba ndi mankhwala

Kinase imeneyi imakhudzanso matenda a kuiwala otchedwa Alzheimer. M'maselo a ubongo muli puloteni yotchedwa tau, imene imacirikiza tinjira todutsamo zakudya za selo. Tau ikamatidwa phosphate wambiri imapiringizana, ndipo selo imafa. DYRK1A ndi imodzi mwa ma kinase amene amamata phosphate pa tau. Izi, pamodzi ndi malangizo a puloteni ina yotchedwa APP amenenso ali pa kamtolo ka nambala 21, zimacititsa kuti anthu a Down syndrome ayambe matendawa msanga. Pofika zaka 40, pafupifupi onse amakhala ndi zizindikiro zake mu ubongo, ngakhale kuiwala kwenikweni kumadza pambuyo pake.

Mankhwala oletsa kinase alipo kale pa matenda ena. Mu 2001 dziko la America linavomereza imatinib, amene anasintha moyo wa odwala mtundu wina wa khansa ya m'magazi. Cifukwa cake ofufuza akufunafuna mankhwala ofooketsa DYRK1A.

Mu 2016 kunafalitsidwa zotsatira za kafukufuku wa ku Barcelona m'dziko la Spain, wotsogoleredwa ndi Rafael de la Torre ndi Mara Dierssen. Acinyamata 84 a Down syndrome anaphunzitsidwa mwapadera kwa miyezi 12, ndipo theka la iwo linapatsidwanso mankhwala a EGCG ocokera m'masamba a tiyi wobiriwira. Olandira mankhwalawo anacitako bwino pa mayeso ocepa, koma pa mayeso ambiri panalibe kusiyana. Kufikira lero palibe mankhwala ovomerezeka ociritsa Down syndrome, ndipo mankhwala a tiyi wobiriwira akamwedwa ambiri amaononga ciwindi. Wogulitsa aliyense wolonjeza kucotsa cilemaci akungofuna ndalama za makolo.

Zimene makolo angacite

Sikuti mwana aliyense wocedwa kukula ali ndi vuto la kinase. Kuno ku cigawo ca kum'mawa, ubongo wa ana umavulazidwanso ndi malungo a mu ubongo, kubanika pobadwa, matenda oumitsa khosi ndi kupelewera kwa zakudya. Ofufuza a pa University of Zambia anapezanso njoka za m'mimba zocokera ku nkhumba m'maboma a Katete ndi Petauke, zimene ana ake akalowa mu ubongo amayambitsa khunyu. Zambiri mwa izi zimapeweka, ndipo n'cifukwa cake mwana ayenera kupimidwa kucipatala m'malo mongoganizira.

Pafupifupi theka la ana a Down syndrome amabadwa ndi vuto la mtima, ndipo ambiri amavutika ndi makutu, maso, cibayo ndi cithokomiro ca pakhosi. Mavuto amenewa ali ndi cithandizo. Ku America, anthu otere anali kukhala ndi moyo zaka pafupifupi 25 mu 1983, koma tsopano amafika zaka pafupifupi 60, makamaka cifukwa ca maopaleshoni a mtima ndi cisamaliro cabwino.

Kwa banja la ku Chipangali, limene linakhala boma palokha mu 2018, njira imayambira kusikelo ya ana pa kiliniki yapafupi. Kucokera kumeneko mwana angatumizidwe ku Chipata Central Hospital, ndipo ngati pafunika akatswiri ena, ku University Teaching Hospital ku Lusaka. Ubongo wa mwana umapitiriza kulumikiza nthambi zake atabadwa, motero kumuyamwitsa, kumulankhula, kumuimbira, kumuphunzitsa kukhala ndi kuyenda, ndi kumulola kusewera ndi anzake kumathandiza kwambiri.

Lamulo la anthu olumala la mu 2012 limaletsa kusala munthu cifukwa ca cilema, ndipo linapatsa bungwe la Zambia Agency for Persons with Disabilities udindo wolembetsa anthu otere. Makolo angafunsenso ku ofesi ya Social Welfare m'boma lao za thandizo la ndalama limene boma limapereka ku mabanja osowa okhala ndi munthu wolumala kwambiri.

Dziko lapansi limakumbukira anthu a Down syndrome pa 21 March caka ciliconse. Tsikuli linasankhidwa cifukwa ndi la 21 m'mwezi wacitatu, kuimira timitolo titatu ta nambala 21.