Nthaŵi ya Nyimbo: Raga ya ku India ndi Gule wa ku Migodi ya ku Midlands

Amene timalemba mabuku otanthauzira mawu timavutika tikafika pa liwu lakuti raga. Tikati "chuni" tasiya mfundo yaikulu, pakuti raga ili ndi nthaŵi yake.

Raga ndi ndondomeko ya maliwu osankhidwa, okhala ndi malamulo a kakweredwe ndi katsikidwe kake, imene woimba amapekerapo nyimbo. Kumpoto kwa India amagaŵa usana ndi usiku m'zigawo 8 za maora atatuatatu, zotchedwa prahar. Bhairav amaiimba m'bandakucha, Yaman chisisira chitagwa, Malkauns pakati pa usiku. V. N. Bhatkhande (1860–1936) ndiye anaika maraga m'magulu 10 nalongosola malamulo a nthaŵizi.

Nafenso Acheŵa timasamala nthaŵi, koma timaimangirira pa mwambo, osati pa maliwu. Nthano ndi nyimbo zake n'za usiku. Pa Gule Wamkulu, zilombo zazikulu monga kasiyamaliro zimatuluka usiku, pamene zovala nkhope zambiri zimavina masana. Chifukwa china chili m'chinenero momwe. M'Chicheŵa kukweza kapena kutsitsa liwu kumasintha tanthauzo, monga mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa katundu. Motero chuni kaŵirikaŵiri chimatsata mawu, sichiima pachokha.

Umboni tiupeza ku migodi ya ku Midlands, m'dziko la Zimbabwe. Amuna ochokera ku Nyasaland, kum'maŵa kwa Northern Rhodesia ndi ku Tete anapita nawo gule ku Shabani, Selukwe ndi Que Que, kumene ufulu wa 1980 utabwera kunatchedwa Zvishavane, Shurugwi ndi Kwekwe. Ashona anamutcha guleyu zvigure. M'makomboni, nthaŵi inali ya mwini mgodi. Tsono gule wa chisangalalo anasamukira pa Loŵeruka, Lamulungu ndi masiku a tchuthi, ndipo palibe nyimbo imene inaletsedwa chifukwa cha chuni chake. Ku India sizinatero: zoimbaimba zitasamukira m'maholo a madzulo, maraga a m'maŵa anayamba kumveka patalipatali, popeza nthaŵi yawo ili m'maliwu momwemo.

Pachifukwa ichi tikupempha kuti liwu la raga liloŵe m'Chicheŵa monga momwe liliri, ndipo tanthauzo lake litchule nthaŵi. "Chuni" tichisiyire nyimbo zathu.